Chidikire n'chiti, luso kapena sukulu?

Pali mawu amene ayamba kumveka kawirikawiri m'makomo mwathu kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka. Mwana wa folomu 2 kapena folomu 3 amangodzuka tsiku lina n'kunena kuti sukulu yamukwana, iye akufuna kukhala woimba. Wina amati akufuna kuchita zisudzo, wina kuvina m'makanema a nyimbo, winanso kuika nyimbo pa maukwati. Adani akale a sukulu timawadziwa ndi maina awo omwe: njala, ukwati wa ana, mimba, ganyu wa m'minda ya thonje ndi usodzi wa ku Elephant Marsh. Koma uyu ndi wovuta kumuzindikira chifukwa amafika ngati dalitso. Nthawi zambiri mwanayo luso amakhala nalodi, moti akatsogolera nyimbo mu kwaya ife tomwe timaimirira n'kululutira. Nanga tikamva mawu amenewa timuyankhe chiyani?

Yankho limene tinakula nalo ndi lakuti, phunzira kuti udzapeze ntchito. Yankho limeneli linkagwira mtima m'masiku amene munthu wa satifiketi ya JCE ankalembedwa ukalaliki. Lero mwana amatimvera mwaulemu, kenaka amayang'ana pa msewu. Pa Nchalo akuona mkulu wake amene anakhoza mayeso a MSCE akupalasa kabaza kapena akudikira nyengo yodula nzimbe kuti mwina alembedwe kwa miyezi ingapo. Wamvanso za aphunzitsi amene anamaliza maphunziro awo ku koleji n'kukhala pakhomo zaka, akudikira kuitanidwa ndi boma. Akatsegula foni akuona anyamata a msinkhu wake atavala bwino, akuimba pamaso pa chikhamu cha anthu. Ngati phindu la sukulu ndi ntchito yokha basi, tivomereze kuti pa mtsutso umenewu mwanayo watiposa, ndipo kumukalipira sikungasinthe zimene maso ake aona.

Maina oti atchule alinso nawo, ena a kwathu konkuno. Achikulire akukumbukira mmene gulu la Lucky Stars linamveketsera Chisena pa wailesi ya MBC. Malemu Joseph Tembo, mwana wa ku Chikwawa, anaimba nyimbo zimene zinavinidwa dziko lonse, anajambula nyimbo za oimba anzake ambiri mu situdiyo, ndipo m'chaka cha 2009 anthu anamusankha kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Ana ena ochenjera amatikumbutsanso fanizo la matalente limene tinawaphunzitsa tokha ku Sande sukulu, n'kutifunsa ngati tikufuna kuti akwirire pansi chimene anapatsidwa. Funso limeneli si lachibwana, ndipo likufuna yankho lolingana nalo.

Ife tikuona kuti nkhaniyi yagona apa. Amene akusankha kusiya sukulu ndi mwana wa zaka 16, koma amene adzalipire mtengo wa chisankhocho ndi bambo kapena mayi wa zaka 40, wa ana anayi, amene mwanayo adzakhale. Munthu wa zaka 40 ameneyu sanabadwe m'maganizo a mwanayo. Sangafike pa bwalo kudzanena mbali yake, sangadandaule, ndipo pofika nthawi yoti alankhule zonse zidzakhala zitagamulidwa kalekale. Ntchito ya kholo pa nkhani ngati imeneyi ndi kumuimira munthu wosaonekayo. Timachita kale zotere pa nkhani za malo. Mwana wamasiye akafuna kugulitsa dimba limene bambo ake anamusiyira kuti agule njinga yamoto, a malume ake amakaniza. Palibe amene amatsutsa kuti dimbalo ndi lake. Amamukaniza chifukwa akudziwa kuti adzalifuna pa msinkhu umene panopa sangathe kuuganizira. Zaka za sukulu nazo ndi dimba lotere, kusiyana kwake n'kwakuti dimba ukhoza kudzaliwombola ukapeza ndalama, pamene zaka zikapita zapita.

Wina anganene kuti woimba wotchuka sadzasowa pepala la sukulu. Tiyeni tikumbuke malemu Lucius Banda a ku Balaka, amene anatisiya mu June 2024. Ndi oimba ochepa m'dziko muno amene anafika pamene iwo anafika, ndipo nyimbo zawo zinalankhulira amphawi pa nthawi imene ambiri ankaopa kutsegula pakamwa. M'chaka cha 2004 anasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka. M'chaka cha 2006 anazengedwa mlandu wokhudza satifiketi ya MSCE, anataya mpando wawo, ndipo anakalowa kundende ya Zomba, kumene anatuluka patatha miyezi pafupifupi itatu nkhaniyo itapita ku apilo. Chimbale chawo cha Cell 51 Maximum chinachokera m'masiku owawa amenewo. Anthu a kwawo anawabwezeranso ku Nyumba ya Malamulo mu 2014. Sitikufuna kuzenganso mlandu umene unatha, ndiponso ambiri amakhulupirira kuti ndale zinalowapo. Chimene tikufuna kuti ana athu aone n'chakuti munthu amene dzina lake linkadziwika m'mudzi uliwonse anafika pa khomo lina pamene anamufunsa pepala, ndipo adani ake anapezera pomwepo poyambira. Mnyamata amene ankaimba mu Alleluya Band sakadadziwa kuti tsiku lina adzafuna kukhala phungu. Mwana wathu naye sakudziwa chimene adzafune.

Tsono pa ziwirizi, luso ndi sukulu, n'chiti chimene chingathe kudikira chinzake? Gogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimba moyo wawo wonse ndi kagitala kawo, koma dziko lapansi linawamva ali ndi zaka za m'ma 90, pamene Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zawo zakale mu 2020 ndipo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok kwa anthu mamiliyoni ambiri. Sitikunena kuti mwana adikire mpaka imvi. Tikungoti mawu a munthu sauma chifukwa choti wakhala m'kalasi zaka zina ziwiri, ndipo zala zimene zikudziwa gitala lero zidzaidziwabe akadzalemba mayeso.

Sukulu ndiyo siidikira, makamaka kuno kwathu. Tawerengani nokha zimene mwana amene anayamba sitandade 1 cha m'ma 2014 wadutsamo. Madzi osefukira a mu January 2015. Namondwe wa Idai mu March 2019. Kutsekedwa kwa sukulu kwa miyezi yambiri mu 2020 kaamba ka mliri wa Covid-19. Namondwe wa Ana mu January 2022, kenaka Freddy mu March 2023. Nthawi iliyonse makalasi ankasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku ankanyowa, ana a ku Makhanga ndi madera ena a kutsidya kwa Shire ankakhala masabata osaona mphunzitsi. Mwana amene wapirira zonsezi n'kufika folomu 3 ali ndi chinthu chimene anzake ambiri amene anayamba nawo limodzi alibe. Makolo ake anagulitsa mbuzi, mwina ndi ng'ombe yomwe, kuti afike pamenepo. Malo a ku sekondale ndi ochepa, ndipo amene wawasiya sawapeza akumudikira. Zoona, munthu akhoza kubwerera atakula, ndipo tikuwadziwa amene anatero. Koma kubwerera uli ndi mwana kumsana kapena uli ndi banja lofuna ufa ndi ntchito ina yolemetsa, yosiyana ndi kungopitiriza pamene unali.

Pali mwambi umene ana ndi akulu omwe amatiponyera pa nkhaniyi, wakuti mapanga awiri avumbwitsa. Amati woimba ayenera kudzipereka kwathunthu, apo ayi adzalephera konsekonse. Mwambiwu ndi woona kwa munthu amene akuthamangathamanga pakati pa mapanga awiri mvula ili mkati. Sukunena za munthu amene wabisala m'phanga limodzi mpaka mvula kukata, kenaka n'kupita ku linalo. Chimene tikupempha ndi ndondomeko chabe, kuti china chiyambe, china chitsatire.

Komanso sukulu ili ndi ntchito mkati mwa luso lenilenilo, ndipo apa ndi pamene ana ambiri sanaganizepo. Kuimba ndi mbali imodzi, kudya za nyimbo zako ndi mbali ina. M'masiku a makaseti woimba ankatenga nyimbo zake kupita nazo kwa ogulitsa ku Limbe, n'kulandira zimene wapatsidwa. Makaseti atatha kunabwera malo obenera nyimbo pa msika uliwonse, pamene munthu amadzaza nyimbo mazana mu kakhadi ka foni pa mtengo wochepa, mwini nyimbo osalandirapo ngakhale tambala. Lero ndalama za nyimbo zimayenda m'njira zosaoneka ndi maso: mapangano olembedwa m'Chingerezi, ma akaunti a pa intaneti, mafomu a bungwe la COSOMA limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni nyimbo kuchokera ku mawailesi ndi malo ena. Lamulo limati nyimbo ndi chuma cha amene anaipeka, ndipo ngakhale iye atamwalira ana ake akhoza kumalandirabe kwa zaka zambiri. Koma chuma chimenechi chimatha kuchoka m'manja mwa munthu ndi siginecha imodzi. Mnyamata wochokera ku Ngabu amene wakwera zitunda za ku Thabwa ulendo woyamba, n'kupatsidwa pepala la masamba asanu mu situdiyo ya ku Blantyre, adzasaina chifukwa cha chimwemwe ndi manyazi. Akadzazindikira kuti nyimbo imene ikuvinidwa paliponse si yakenso, adzadandaula kwa yani?

Malemu Allan Namoko a ku Thyolo, amene anali osaona, anatisiyira nyimbo zimene mpaka lero zimaimbidwa pa mawailesi, koma anamwalira mu 1995 ali mu umphawi. Iwo sanachite kutaya sukulu, mwayiwo sunawapeze, ndipo luso lawo silichepa chifukwa cha chimenecho. Tikuwatchula kuti tione kuti dziko lino limadziwa kuvina nyimbo ya munthu popanda kufunsa ngati mwini wake wadya. Ophunzira nawo amaberedwa, inde, koma wophunzira amadziwa kuti waberedwa ndiponso amadziwa khomo loti akagogode. Tikumbukenso chaka cha 2020, pamene misonkhano ya anthu ambiri inaletsedwa. Oimba ndi ochita zisudzo amene ankadalira pa khomo la holo anakhala miyezi opanda kolowera. Amene anali ndi china m'manja, kaya uphunzitsi, kaya ukalipentala, kaya ntchito ya mu ofesi, ndi amene anadutsa bwinoko.

Ana athu amamva za amene anasiya sukulu n'kutchuka chifukwa nkhani zoterozo zimakoma kufotokoza. Tiziwauzanso za ena. Bambo Michael Usi, amene tonse timawadziwa kuti Manganya mu sewero la Tikuferanji, ankatiseketsa kwinaku akugwira ntchito ku bungwe la ADRA ndi kupitiriza maphunziro mpaka kutenga digiri ya udokotala ku England, ndipo kuyambira June 2024 mpaka 2025 anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino. Bambo Moya Malamusi a kwa Singano ku Chileka ankaimba m'gulu la malemu Donald Kachamba, koma anaphunziranso mpaka ku yunivesite ya Vienna, ndipo anayenda m'midzi yambiri akujambula ndi kulemba za zoimbira za makolo athu kuti zisaiwalike. Ngakhale kuimbako masiku ano kumaphunziridwa. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a nyimbo ndi zisudzo. Ku yunivesite ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014 ku Thyolo, kulinso maphunziro a nyimbo za mu Africa. Koma pa makomo onse awiriwa mlonda wake ndi mmodzi, satifiketi ya MSCE yokhoza bwino. Mwana amene akusiya folomu 3 chifukwa chokonda nyimbo akudzitsekera yekha sukulu ya nyimbo.

Pa mwana wamkazi tilankhule mosabisa, poti tili tokhatokha amayi. Ntchito ya zisangalalo imachitika usiku, kutali ndi kwawo, ndipo makiyi ake ali m'manja mwa amuna akuluakulu: mwini situdiyo, mwini zoimbira, wokonza phwando, woyendetsa galimoto. Si onse amene ali ndi mtima woipa, koma mtsikana wa zaka 15 amene alibe ndalama yolipirira kujambula nyimbo amauzidwa msanga kuti pali njira ina yolipirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo mwana sasanduka wamkulu chifukwa choti wavala zovala zovinira. N'zomvetsa chisoni kuti makolo ena amatseka pakamwa mtsikana akabwera mbandakucha kuchokera ku mchezo atanyamula kandalama ka ndiwo. Njala ya kuno timaidziwa tonse ndipo sitikuweruza munthu mopepuka. Koma kandalama kameneko kamaphunzitsa mwana kuti pakhomo amamuwerengera chifukwa cha zimene wabweretsa usiku, ndipo Lolemba m'mawa akagona m'kalasi palibe amene ali ndi mphamvu yomudzudzula.

Mbali inayo nayo ili ndi mlandu wake. Alipo makolo amene akamva mwana akuimba amathyola gitala, kumutcha dzina la chidakwa, n'kumuuza kuti oimba onse ndi anthu otayika. Kutero ndi kunama, ndipo mwana amadziwa kuti ndi bodza. Chigwa chino ndi cha anthu a utse, likhuba ndi valimba. Agogo athu ankalemekeza munthu wodziwa kuimba ng'oma monga ankalemekezera wodziwa kusema bwato, ndipo palibe maliro kapena ukwati umene unkatheka popanda iye. Kuimba ndi ntchito, ndipo ndi ntchito yabwino. Kholo limene lanyoza luso la mwana lataya mwayi woti mwanayo alimvere pa nkhani ya sukulu, chifukwa mwana amamvera munthu amene waona chimene chili mwa iye. Ambiri amene anathawira ku Blantyre kapena ku Joni ali ana anachoka pakhomo pamene panalibe wowamvetsera.

Chimene taona chikuthandiza m'mabanja ena ndi pangano lomveka bwino, lopangana pamaso pa a malume kapena a zakhali. Mwana aziimba mu kwaya, alowe gulu la zisudzo la pasukulu, apite ku mipikisano ya masukulu, ajambule nyimbo yake pa tchuthi ngati ndalama yapezeka, ndipo wamkulu wa pabanja amuperekeze. Zoimba za usiku pakati pa teremu ayi. Akalemba MSCE, njira ndi yake, ndipo makolo asadzabwerenso ndi zifukwa zina zatsopano. Mbali yomalizayi ndi yofunika, chifukwa ana amazindikira msanga pangano limene cholinga chake ndi kungowanyengerera kuti aiwale. Ngati tanena kuti luso lidikire, tiyenera kukhala okonzeka kulilandira nthawi yake ikakwana, ngakhale mumtima tinkafuna namwino.

Tisanafike pa pangano, ndi bwino kufufuza kaye chimene chili kuseri kwa mawu a mwanayo. Si onse onena kuti akufuna kuimba amene akokedwa ndi nyimbo. Wina masamu amukanika kuyambira folomu 1 ndipo akuchita manyazi kubwereza kalasi ndi ang'ono ake. Wina watopa kuyenda mtunda wautali pa dzuwa la mu October wopanda kanthu m'mimba. Mtsikana wina alibe sopo kapena zofunika pa masiku ake a pamwezi, wina pali munthu amene akumuvutitsa pa njira kapena pasukulu pomwepo ndipo sakudziwa kuti anene bwanji. Kunena kuti ndikufuna kukhala woimba kumamveka bwino kuposa kunena kuti ndalephera kapena ndikuopa. Mayi akakhala naye pansi mwana wotere, osati tsiku limodzi lokha, kawirikawiri amapeza kuti vuto lenileni ndi laling'ono kuposa mmene limaonekera, ndipo ndi loti amayi a m'gulu akhoza kusonkherana n'kulithetsa: yunifolomu, njinga yakale, malo ogona pafupi ndi sukulu kwa mayi mnzathu wodalirika.

Nanga amene anapita kale? M'mipingo ndi m'midzi mwathu alimo amayi amene ana awo anasiya sukulu zaka zapitazo, ena zikuwayendera pang'ono, ena anabwerako chimanjamanja ndipo amayenda mozemba anthu. Amenewa asamalandiridwe ndi mawu akuti tinkanena. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba kubwereranso akabereka. M'masekondale ambiri muli makalasi a masana a anthu amene sanapeze malo kapena anasiyira panjira, ndipo bungwe la MANEB limalola munthu kulemba mayeso a MSCE ngakhale sali pa sukulu ya tsiku ndi tsiku. Amene mtima wake suli pa mabuku akhoza kuyesa maphunziro a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga zamagetsi, zimene woimba aliyense amazifuna pa zoimbira zake zomwe. Pa zonsezi adzafunsidwa mapepala a kumene analekezera. Choncho mayi amene mwana wake wachoka asunge malipoti a kusukulu, satifiketi ya sitandade 8 ndi ya JCE ngati ilipo, azikulunge m'pepala la pulasitiki n'kuziika m'chigubu chotseka bwino, pamalo okwera pomwe timasungira makadi a kuchipatala ndi ziphaso za unzika, kuti madzi akadzabweranso usiku zidzakhale m'gulu la zinthu zoyamba kunyamula.